MLANDU WA KUSUNGA ZITHUNZI ZOLAULA ZA ANA: ZIMENE WOIMBIDWA MLANDU NDI ABALE ACE AYENERA KUDZIWA

Masiku ano foni ya m'manja yafika m'midzi yambiri. Alimi amafunsira pa foni mitengo ya fodya ndi mtedza, amai amalandirirapo ndalama zocokera kwa ana ao amene ali ku Johannesburg, ndipo anyamata amapita nayo pa sitolo kukaikitsa nyimbo ndi mafilimu. Zonsezi nzabwino. Koma pamodzi ndi zabwinozo palowanso cinthu cina coipa cimene cingathe kumtsekeretsa munthu m'ndende zaka zambiri, ndico zithunzi ndi mavidiyo oonetsa ana akucitidwa zacisembwere. Anthu ambiri sadziwa kuti kungokhala naco cithunzi cotere m'foni ndi mlandu, ngakhale munthuyo sanacijambule yekha. Nkhani ino ifotokoza zimene lamulo linena, ufulu umene munthu womangidwa ali nao, ndi m'mene mlandu wotere umayendera pa bwalo.

Cifukwa Cace Lamulo Liri Lolimba

Cithunzi ciri conse cotere ndi umboni wakuti mwana weniweni anacitidwa coipa tsiku lina, pamalo pena. Mwanayo amakula, koma cithunzi cija cimayendabe kucoka m'foni ina kulowa m'foni ina, ndipo iye amakhala ndi manyazi ndi mantha podziwa kuti anthu osawadziwa ali kumuonerera. Ndiponso anthu oipa amene amajambula ana amalimbika mtima cifukwa alipo ofuna kuona, ogula ndi osunga. Cotero lamulo limuwerengera wosunga kuti ali nao mbali pa kuzunzika kwa mwanayo.

Zimene Lamulo Linena

M'caka ca 2016 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inapanga lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Ndime 85 ya lamulolo inaletsa kupanga zithunzi zolaula za ana, kuzitumiza, kuzigawa, kuzifunafuna, ndi kuzisunga m'kompyuta kapena m'cipangizo ciri conse cosungiramo zinthu, monga foni kapena memory card. Cilango cimene inaika ndi faini ya K10,000,000 ndi kukhala m'ndende zaka 15. M'caka ca 2017 malamulo akulu a dziko anasinthidwa kuti munthu ali yense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Motero mtsikana wa zaka 16 kapena 17, ngakhale anabvinidwa kale ndipo ku mudzi amuyesa wamkulu, pa maso pa lamulo akali mwana.

M'mene Mirandu Yotere Imadziwikira

Ena amaganiza kuti za m'foni sizidziwika kwa wina ali yense. Kuganiza kotere nkolakwa. M'caka ca 2009 kampani ya Microsoft pamodzi ndi sukulu ya ukacenjede ya Dartmouth College anapanga njira ya PhotoDNA, imene imazindikira cithunzi codziwika kale ngakhale wina atacicepetsa kapena kucisintha pang'ono. Makampani a intaneti a ku America akapeza zithunzi zotere ayenera mwa lamulo kunena ku bungwe la National Center for Missing and Exploited Children, ndipo bungwelo limatumiza nkhani kwa apolisi a maiko kumene zithunzizo zacokera. Apolisi a maiko osiyanasiyana amathandizananso kudzera m'bungwe la Interpol. Nthawi zina nkhani imaululika kufupi komwe, kwa wokonza mafoni, kwa mphunzitsi, kapena kwa mbale amene anabwereka foni.

Ufulu wa Munthu Womangidwa

Ngakhale mlanduwu uli wonyansa, woimbidwa mlandu sataya ufulu wace. Ndime 42 ya malamulo akulu a dziko a 1994 inena kuti munthu womangidwa auzidwe msanga, m'cinenero cimene amva, cifukwa cimene wamangidwira. Ali ndi ufulu wokhala cete, ndipo ayenera kucenjezedwa kuti zimene anganene zingagwiritsidwe nchito pa bwalo. Sayenera kukakamizidwa kubvomera mlandu. Ayenera kuonekera pa bwalo pasanathe maora 48, kapena ngati nthawiyo yathera pa tsiku limene bwalo siligwira nchito, pa tsiku loyamba limene bwalo likhalanso. Angathe kupempha belo, ndipo bwalo lidzaona ngati kumtulutsa sikuononga cilungamo. Belo ya ku polisi siigulidwa ndi ndalama iai.

Munthu asasaine cikalata cimene sanaciwerenge kapena kuwerengeredwa. Ngati mau olembedwamo asiyana ndi amene iye ananena, anene pomwepo. Apolisi akatenga foni kapena kompyuta, ndi bwino mwini wace kapena mbale wace alembe tsiku, mtundu wa cinthu cotengedwaco, ndi dzina la wapolisi amene wacitenga.

Cinthu coyamba cimene abale ayenera kucita ndico kufuna loya. Amene alibe ndalama apite ku ofesi ya Legal Aid Bureau, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti ithandize anthu osauka pa mirandu. M'ndende zambiri ndi m'mapolisi ena mumafikanso alangizi a za malamulo a bungwe la Paralegal Advisory Service Institute, amene amafotokozera omangidwa m'mene bwalo liyendera. Ngati woimbidwa mlandu ndi mwana, mlandu wace umapita ku bwalo la ana, monga mwa lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010, ndipo sayenera kutsekeredwa pamodzi ndi akulu.

Zimene Bwalo Limafuna Kudziwa

Pa bwalo munthu amayesedwa wosalakwa kufikira mlandu utamtsutsa. Si nchito yace kuonetsa kuti sanalakwe. Nchito ya oimira Boma ndiyo kubweretsa umboni wosasiya cikaiko m'mtima mwa woweruza. Pa mlandu wa mtundu uno pamakhala mafunso akulu atatu.

Loyamba ndi lakuti, kodi cimene capezekaco ndi cithunzi colaula ca munthu wosakwana zaka 18? Laciwiri ndi lakuti, kodi cinapezeka m'cipangizo cimene cinali m'manja kapena m'ulamuliro wa woimbidwa mlandu? Lacitatu ndi lakuti, kodi iye anadziwa kuti cirimo?

Pa funso laciwiri ndi lacitatu ndi pamene loya amagwira nchito yambiri. M'midzi foni imodzi imagwiritsidwa nchito ndi banja lonse. Foni imasiyidwa tsiku lathunthu pa malo ochajira. Ena amagula foni yogwiritsidwa kale nchito, ena amapereka memory card kwa oika nyimbo osaona zonse zimene aikamo. Ndiponso WhatsApp imatha kusunga yokha m'foni zithunzi zimene zatumizidwa pa gulu, mwini foni asanazitsegule. Ngati zinatero moona, loya angathe kuitana mboni ndi kupempha kuti katswiri ayese foniyo.

Koma munthu asaganize kuti kungonena kuti "sindinadziwe" kudzampulumutsa. Akatswiri oyesa mafoni amatha kuona tsiku limene cithunzi cinalowa, njira imene cinalowera, ngati cinatsegulidwa, ngati cinatumizidwa kwa ena, ndi mau amene munthu analemba pofunafuna zinthu pa intaneti. Nthawi zambiri amatha kubwezanso zimene zinafufutidwa. Umboni womwewo umene umamasula wosalakwa ndiwo umene umamgwira wabodza. Loyanso saloledwa kunamiza bwalo. Nchito yace ndi kuyesa umboni, kufunsa mboni, ndi kuona ngati foni inasungidwa bwino kuyambira tsiku limene inatengedwa kufikira tsiku la mlandu, popanda wina kuikamo kapena kucotsamo kanthu.

Citsanzo ca ku America

M'caka ca 2007 wanchito wina wa Boma m'cigawo ca Massachusetts anacotsedwa nchito naimbidwa mlandu, cifukwa m'kompyuta imene anapatsidwa ku nchito munapezeka zithunzi zotere. Iye anakana. Katswiri amene anayesa kompyutayo anapeza kuti inali ndi mavairasi amene ankatsegula okha masamba oipa a pa intaneti, ndi kuti coteteza kompyutayo sicinali kugwira nchito. M'caka ca 2008 mlandu unathetsedwa. Komabe munthuyo anali atataya kale nchito, ndalama zace ndi abwenzi ambiri. Nkhaniyi iphunzitsa kuti wosalakwa angathe kuimbidwa mlandu, ndi kuti cimene cinammasula ndi kuyesa bwino kwa katswiri, osati kulumbira kwace.

Zifukwa Zimene Bwalo Silimva

Pali mau ena amene anthu amawadalira, koma sathandiza konse. Kunena kuti munthu sanadziwe lamulo sikumasula ali yense. Kunena kuti mwanayo anabvomera sikuthandiza, pakuti mwana sangabvomere cinthu cotere pa maso pa lamulo. Kunena kuti cithunzi cinajambulidwa ndi wina, kapena kuti mwanayo ndi wa dziko lina, sikucotsa mlandu wa kusunga. Ngakhale kunena kuti anatumiza pofuna kucenjeza anzace sikumcotsera mlandu wa kugawa.

Zotere zinacitika ku London. M'caka ca 2018 mai wina anatumiza vidiyo yotere pa WhatsApp kwa anthu 17, nanena kuti anacita cifukwa ca mkwiyo, pofuna kuti wozunza mwanayo agwidwe. Mmodzi wa olandirawo anali mbale wace wamkazi, amene anali mkulu wa apolisi wogwira nchito zaka zoposa 30. Mkuluyo ananena kuti sanaione vidiyoyo, koma bwalo la Old Bailey m'caka ca 2019 linampeza wolakwa pa kusunga, ndipo linamlamula kugwira nchito yothandiza anthu maora 200 popanda malipiro. Wotumiza uja anapezeka wolakwa pa kugawa. Ngakhale woweruza anabvomera kuti mkuluyo sanali ndi cilakolako coipa pa ana, mlandu unamgwirabe.

Kubvomera, Cilango ndi Apilo

Munthu amene adziwa kuti analakwadi acite bwino kukambirana ndi loya za kubvomera mlandu. Mabwalo amacepetsako cilango kwa wobvomera msanga ndi kwa wolakwa koyamba, koma amaonanso kuculuka kwa zithunzi, msinkhu wa ana, ndi ngati munthuyo anazigawa kapena kuzigulitsa. Koma wosalakwa asabvomere mlandu pongofuna kuti zithe msanga, cifukwa mbiri ya mlandu wotere imamtsata munthu moyo wace wonse. Amene sanakhutire ndi ciweruzo ca majisitireti ali ndi ufulu wocita apilo ku Bwalo Lalikulu, ndipo ayenera kutero mwacangu, pakuti masiku ocitira apilo ngowerengeka.

Abale a womangidwa acenjere ndi zinthu zitatu. Asabise kapena kuononga foni imene apolisi ali kuifuna, asaopseze kapena kunyengerera mboni, ndipo asapereke ciphuphu kwa wina ali yense. Ciri conse ca izi ndi mlandu wina paokha, ndipo cimaipitsa mlandu wa mbale waoyo. Ngati mwana wojambulidwayo ndi wa m'mudzi momwemo, nkhaniyo siyoweruzidwa pa bwalo la mfumu ndi kulipirana mbuzi kapena nkhuku iai. Iyenera kupita ku polisi, ndipo mwanayo apite naye ku cipatala msanga.

Cocita Munthu Akalandira Cithunzi Cotere

Munthu akalandira cithunzi cotere osacifuna, asacitumize kwa wina ali yense, ngakhale kwa mfumu, kwa mbusa kapena kwa mphunzitsi. Asacionetse anzace. Alembe nambala ya wotumiza, dzina la gulu ndi tsiku, napite tsiku lomwelo ku polisi, kumene kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo acite zimene apolisi amuuze za cithunzico. Angathenso kuimba nambala yaulere ya 116, imene ndi ya nkhani za ana. Amene wacipeza pa intaneti angathe kunena ku bungwe la Internet Watch Foundation, limene linayamba ku Britain m'caka ca 1996 ndipo limagwira nchito yocotsa zithunzi zotere, ndipo wonenayo sakakamizidwa kuchula dzina lace. Munthu amene wanena msanga amateteza mwana, ndipo amadzitetezanso yekha.

Ndi nzeru kutseka njira imene foni imasungira yokha zithunzi za pa magulu, kutuluka m'magulu a anthu osadziwika, kuyang'ana zimene oika nyimbo aika m'memory card, ndi kufufuta zonse m'foni yogula kwa wina musanayambe kuikidwa zinthu zatsopano. Oika nyimbo ndi eni malo oonetsera mavidiyo adziwe kuti lamuloli liwakhudza iwo koposa.

Mafumu, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo apemphedwa kuwerengera anthu ao nkhani imeneyi pa misonkhano, makamaka anyamata ndi atsikana a sukulu, amene ambiri a iwo amatumizirana zithunzi osadziwa kuti ali kupalamula. Makolo afunse ana ao za anthu amene amalankhula nao pa foni, ndipo mwana akaulula kuti wina wampempha cithunzi ca thupi lace, asamkalipire, koma amumvere bwino ndi kupita naye ku polisi.