Galimoto imathera patsinde pa phiri

Mawu a lero: Genesis 22:1-14, Marko 9:2-9

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mvula ikakata, magulu a achinyamata a m'mipingo, ana asukulu ndi alendo ochokera kunja amayamba kulunjika ku phiri la Mulanje. Ena amachita hayala minibasi kuchokera ku Limbe kudzera m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, pomwe ena amabwera pa galimoto zawozawo zija zokhala ndi pogona ndi pophikira momwemo. M'galimotomo mumadzaza matenti, mabulangete, mapoto ndi kamba wa paulendo, ndipo njira yonse imakhala ya nyimbo ndi nthabwala. Palibe amene amatuluka thukuta, pakuti ntchito yonse ikugwiridwa ndi injini.

Koma akakhota pa Chitakale n'kufika ku Likhubula, zinthu zimasintha. Apa dalaivala amazimitsa injini, ndipo aliyense amasenza chikwama chake. Kaya galimotoyo ndi yamphamvu chotani, siingamufikitse munthu pa Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002 imene iposa nsonga zonse m'Malawi muno. Kuchokera pamenepa ulendo ndi wa miyendo.

Ambirife chikhristu chathu chinayambira m'galimoto. Tinanyamulidwa ndi makolo amene anatibereka kumsana kupita nafe ku tchalitchi, tinanyamulidwa ndi Sande sukulu, ndi kwaya, ndi mapemphero a agogo. Zimenezi ndi mphatso ya Mulungu, ndipo tisazinyoze, pakuti popanda galimoto ambiri sakanafika n'komwe patsinde pa phiri. Komabe limafika tsiku limene injini imazima. Mwina ndi tsiku limene dokotala watiuza zotsatira zoopsa, mwina ndi pamene ntchito yatha ana ali pasukulu, kapena pamene wina watitambasulira envulopu ya ziphuphu palibe wotiona. Pa tsiku lotere chikhulupiriro cha amayi athu sichingatiyendere. Funso limakhala lakuti: kodi ifeyo patokha tili ndi miyendo?

Abrahamu anafika pa malo otere. Anayenda ndi bulu ndi anyamata ake awiri kulinga ku dziko la Moriya, koma pa tsiku lachitatu, ataona malowo patali, anawasiya onsewo. Isake anasenza nkhuni, iye anatenga moto ndi mpeni, nakwera awiriwiri. Taonani kuti nkhosa ija yogwidwa nyanga m'chiyangoyango sinapezeke pamene panatsala bulu. Inali pamwamba, podikira munthu amene wamvera mpaka kumapeto. Thandizo lina la Mulungu sitidzaliona tili chikhalire pampando wa galimoto.

Wokwera phiri amaphunziranso msanga kuti si zonse zokwana m'galimoto zimene zimakwana pamsana. Akayenda ola limodzi pa chitunda chopita ku Chambe, amayamba kudandaula ndi kanthu kalikonse kosafunika kamene analongedza. Nafenso tili ndi akatundu amene sankatilemera pa masiku amtendere: chakukhosi cha zaka khumi, ngongole ya mnzathu imene timangoizemba, chibwenzi chamseri. Mayesero akafika, zomwezi ndi zimene zimatithyola msana. Ndi bwino kuzitula lero pamaso pa Ambuye, tikadali patsinde.

Kuyenda ndi miyendo yathu sikutanthauza kuyenda tokha. Phiri la Mulanje limadziwika ndi chiperoni, nkhungu yozizira ya mvula yowaza imene imatha kuphimba njira mwadzidzidzi, makamaka m'miyezi yachisanu. N'chifukwa chake alendo amalangizidwa kutenga wolondolera njira, mmodzi wa anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa phirilo amene amadziwa thanthwe lililonse ndi khwawa lililonse. M'mwezi wa July 2009, mnyamata wophunzira bwino wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anapitiriza yekha ulendo wa ku Sapitwa atasiyana ndi womulondolera. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patatha milungu yoposa iwiri. Sitikumbuka imfa imeneyi pofuna kuweruza malemuyo, koma pofuna kudziyesa tokha. Ndi kangati pamene timamuuza Yesu kuti atidikire pansi, poganiza kuti maphunziro, ndalama kapena zaka zathu mumpingo zatidziwitsa njira? Nkhungu siiona digiri. Wopulumuka ndi amene akumva mawu a womutsogolera ngakhale maso sakuona patali.

Pamwamba pa phirili pali tinyumba togona apaulendo, monga ku Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo. Munthu amafikapo atatopa, amaotha moto, amaphika, amagona pansi kapena kukhoma tenti yake panja, ndipo kukacha amapinda zonse n'kupitiriza. Palibe amene amanyamula njerwa kuti amange nyumba pa Chisepo. Petro anafuna kuchita zotero pa phiri lija Ambuye anawalitsidwa: ataona ulemerero, anapempha kumanga misasa itatu. Koma Yesu anatsika nawo, ndipo pansi anakapeza bambo wosweka mtima ndi mwana wake wodwala. Misonkhano ya chitsitsimutso ndi mapemphero ochezera usiku ndi tinyumba topumulirako. Mphamvu imene talandira kumeneko ntchito yake ili kunyumba, kumsika ndi ku ofesi, kumene kuli anthu otidikira.

Tsono m'bale, mlongo, ngati injini yakuzimirani sabata ino, musaganize kuti Mulungu wakutayani. Mwangofika ku Likhubula. Thokozani amene anakunyamulani kufika pano, tulani zosafunika, mangani nsapato, ndipo musalole kuti Wotsogolera atalikirane nanu.

Tipemphere: Atate wakumwamba, tikuthokozani chifukwa cha onse amene anatinyamula m'chikhulupiriro tikadali ofooka. Pamene tafika poyenda tokha, limbitsani mawondo athu, tichotsereni katundu wa uchimo, ndipo nkhungu ikatiphimba, tithandizeni kumva mawu a Mwana wanu. M'dzina la Yesu Khristu, Ambuye wathu. Amen.