Mfuti ya ku Matero Imatsatidwa Mpaka Kumudzi

Munthu akatuluka m'ndende ya Mukobeko ku Kabwe nabwerera ku Matero, dzina lake ndi zidindo za zala zake zimatsala m'mabuku a apolisi. Motero akagwidwa ndi mfuti yopanda cilolezo sacedwa kudziwika. Nchito yaikulu imakhala pa mfutiyo. Nambala yake imafunidwa m'kaundula wa mfuti wa apolisi mu Lusaka, ndipo akatswiri amaipima kuti aone ngati zipolopolo zotoledwa pamalo a umbanda zinacokera m'menemo.

Mlanduwu si wamasewera. Kuyambira 1974 wofwamba ndi mfuti anali kuweruzidwa kuti anyongedwe. Mu December 2022 Boma linathetsa cilango ca imfa, koma wotere akhoza kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Kufufuza sikuthera m'komboni ai. Cigawenga cocenjera sicigona ndi mfuti m'nyumba. Cimaikulunga m'saka ndi kukasungitsa kwa amalume ku Katete kapena ku Petauke, monga katundu wamba. Apolisi akaifukula pansi pa nkhokwe, amalume aja, amene analandira saka osamasula, nawonso adzakwera galimoto kukayankha mlandu wosunga mfuti popanda cilolezo.