Kuwawasa kwa Nthaka: pH Yoyezedwa m'Madzi ndi Yoyezedwa mu Mchere

Munda wa ku Mchinji ndi munda wa ku Chipata ukhoza kukhala pa dothi lofiira limodzimodzi, malire a maiko atangodutsa pakati. Komabe dothi la mbali ino likapita ku labotale ya ku Malawi, la mbali inayo ku labotale ya ku Zambia, mapepala akhoza kubwerera lina litalembedwa pH 5.6, lina 4.9. Mlangizi woona mapepala awiriwa angaganize kuti munda wachiwiri ndi wowawasa koposa, nauza mlimi kuti agule laimu wochuluka. Koma nthaka ndi yomweyo. Chasiyana ndi madzi amene dothilo linasungunuliridwamo.

Ku Malawi pH imayezedwa kawirikawiri m'madzi okhaokha. Ku Zimbabwe ndi ku Zambia akhala akugwiritsa ntchito mchere wa calcium chloride, CaCl2, pa mphamvu ya 0.01 M, njira imene Schofield ndi Taylor anaifotokoza m'chaka cha 1955. Ku South Africa chizolowezi ndi potassium chloride, KCl, pa mphamvu ya 1 M. Mchere uwiriwu ndi wa banja limodzi ndi mchere wa m'ndiwo, ndipo pawokha suwawasa. Ntchito yake ndi iyi: calcium kapena potassium akalowa m'dothi amakankha hydrogen ndi aluminium amene anamatirira pa timibulu ta dongo, kotero kuti asidi wobisika amatulukira m'madzi ndipo makina amamuona. N'chifukwa chake nambala imatsika. Mu CaCl2 imatsika ndi 0.5 kufikira 0.8 poyerekeza ndi ya m'madzi, ndipo mu KCl imatsika pafupifupi ndi 1. Kumeneku si kusiyana kwakung'ono, pakuti sitepe imodzi ya pH ndi kuchuluka kwa asidi kakhumi.

Njira ya mchere ili ndi ubwino woonekeratu. Dothi lotengedwa mu Okutobala limakhala ndi zotsalira za feteleza, pamene la mu Febuluwale mvula yalitsuka, ndipo pH ya m'madzi imakwera ndi kutsika motsatira nyengozi. Mchere wothiridwa dala umaphimba kusinthasintha kumeneku.

Tsono pokonza madzi a mcherewo ndi pamene pafunika masamu. Chilembo M chimatanthauza mole imodzi pa lita imodzi, ndipo mole ndi kulemera kwa maatomu onse a mcherewo atawonkhetsedwa, m'magalamu. Potassium ndi 39.1, chlorine ndi 35.45; pamodzi ndi 74.55. Choncho KCl wa 1 M ndi magalamu 74.55 pa lita. Mu CaCl2 muli calcium mmodzi, 40.08, ndi chlorine awiri, 70.9, pamodzi ndi 110.98, ndipo 0.01 M ndi magalamu 1.11 pa lita.

Koma botolo limene lili pa shelefu nthawi zambiri limalembedwa CaCl2·2H2O. Mchere umenewu uli ndi madzi mkati mwake, ndipo mole yake ndi magalamu 147.01. Ofunika pamenepo ndi 1.47. Woyeza 1.11 kuchokera m'botolo lotere amapeza 0.0075 M, kupereŵera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kunena zoona, cholakwa chimenechi chimasuntha pH pang'ono pokha, osafika pa 0.1, choopsa n'chakuti chimabwerezedwa pa dothi lililonse la chaka chonse popanda wochizindikira. Calcium chloride amayamwanso chinyezi cha mumpweya mpaka kusanduka madzi, kotero botolo losiyidwa pululu m'dzinja silingadaliridwe pa sikelo.

Popeza kuyeza galamu imodzi ndi theka n'kovuta pa sikelo wamba, n'kwanzeru kukonza madzi amphamvu a 1 M, magalamu 147 pa lita, ndi kumatungako mamililita 10 n'kuonjezera madzi kufikira lita imodzi. Mawu akuti "kufikira" ndi ofunika: mchere umayamba wasungunulidwa m'madzi ochepa, kenaka n'kudzaza mpaka pa mzere wa botolo, osati kuthira mchere pa lita yodzaza kale. Madziwo akhale otchezedwa. A pa mjigo amadza ndi laimu wawo.

Kwa mlangizi wa kumunda nkhani yagona pa aluminium. Ameneyu amayamba kusungunuka ndi kupsereza nsonga za mizu ya chimanga pH ya m'madzi ikatsika pansi pa 5.5, malire amene mu CaCl2 ali pafupi ndi 4.8. Pepala lolembedwa 5.0 mu CaCl2 likunena za nthaka imene chimanga chikhoza kuipirira, pamene 5.0 wa m'madzi akunena za nthaka yofuna laimu. Asanawerengere mlimi matumba, mlangizi ayang'ane kachilembo kali pambali pa nambalayo, H2O, CaCl2 kapena KCl, ndipo ngati palibe, afunse labotale imene inayeza.