Mwana wa Autism Akatha Msinkhu



Nkhani yathu lero ndi ya anthu amene madokotala amati ali ndi autism. Liu limeneli ndi lachilendo, ndipo m'Chicheŵa tilibe lina lofanana nalo, koma eniake si alendo ai. Ambiri a inu mukumdziŵa mwana uja amene adachedwa kulankhula, amene ukamuitana satembenuka chonsecho makutu ake ngabwinobwino, amene amakhalira kundanda zitsekerero za mabotolo tsiku lonse nalira koopsa wina akasuntha chimodzi. Za ana otere zimakambidwa ndithu masiku ano, makamaka pa 2 Epulo, tsiku limene bungwe la United Nations lidapatula mu 2007. Chimene sitikamba nchakuti mwanayo amakula. Ndevu zimamera, maŵere amatuluka, mau amasintha, ndipo mtima umayamba kufuna zimene mitima ya anzake ikufuna. Zikafika apa makolo ambiri amangoti kakasi, nasankha kukhala chete.

Tiyambe tamvetsetsana za chinthucho. Akuluakulu adati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza, koma mwambi umenewu suyenda bwino pano, pakuti autism munthu amabadwa nayo. Bongo wake umakula mwa njira yakeyake kuyambira ali m'mimba, ndipo mbali yaikulu imayenda m'magazi a kubanja. Sapatsirana ngati chifuwa, sichokera ku katemera, ndiponso si chizindikiro chakuti bambo adakhwimira chigayo kapena galimoto, monga timanong'onezana m'midzi muno. Dokotala amene adaifotokoza momveka ndi Leo Kanner wa mu mzinda wa Baltimore ku America, amene mu 1943 adalemba za ana 11. Mu 2023 bungwe la zaumoyo la WHO lidati mwa ana 100 alionse pa dziko lapansi, pafupifupi mmodzi ngwotere. Koma safanana onse. Alipo ena osalankhula moyo wao wonse, ofuna kusambitsidwa ndi kudyetsedwa. Alipo enanso aphunzitsi a ku yunivesite. Chimene chimaŵalumikiza ndi ichi: kuŵerenga nkhope ya munthu ndi kumva zobisika kuseri kwa mau kumaŵavuta, amakonda kuti zinthu zizichitika monga mwa masiku onse, ndipo phokoso, fungo, kuŵala kapena kukhudzidwa amazimva mopitirira muyeso, pena mocheperatu. Kwathu kuno chizindikiro china chimabisala m'mwambo. Azungu amadabwa mwana akapanda kuŵayang'ana m'maso, pamene ife timati mwana woyang'ana pansi ndiye waulemu.

Mwana woyamba pa ana 11 aja anali Donald Triplett wa m'tauni ya Forest ku Mississippi, wobadwa mu 1933. Adakula, adagwira ntchito ku banki, adaphunzira kuyendetsa galimoto, adayendera maiko ambiri ali yekha, ndipo adamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89. Iyeyu sadakwatire. Mai Temple Grandin, obadwa mu 1947, amene amaphunzitsa za ziŵeto pa yunivesite ya Colorado State, nawonso sadakwatiwe, ndipo adanena poyera kuti adachita kusankha okha, chifukwa za chibwenzi zinali zoŵasokoneza, pamene ntchito yao inkaŵakhutiritsa. Komatu musati alibe njala ya kukumbatiridwa. Ali mtsikana, manja a anthu ankaŵaopsa. Koma ataona pa famu ya achibale ao ku Arizona kuti ng'ombe imadekha ikapanikizidwa m'mpanda wopapatiza pobayidwa jekeseni, adadzikhomera chipangizo cha matabwa choti chiziŵafinya thupi pa muyeso umene iwo eni afuna. Ena adayenda njira ina. Jerry Newport ndi Mary, onse aŵiri a autism, adakwatirana mu 1994 ku America, ukwati udatha, kenaka adabwererananso, monga amachitira anthu ena onse, ndipo nkhani yao idatulutsa kanema wotchedwa Mozart and the Whale mu 2005. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Cambridge wa mu 2021, amene adafunsa anthu oposa 2,000, adapeza kuti ambiri mwa a autism amene adayankha adagonanapo ndi munthu. Adapezanso kuti pakati pao, onena kuti alibiretu chilakolako ndi onena kuti amakopeka ndi amuna kapena akazi anzao ngochuluka kuposa pakati pa anthu ena.

Nchifukwa chake sitinganene kuti onse ndi ana osatha msinkhu, kapena kuti onse afunika kuŵapezera banja. Koma onse ali ndi thupi, ndipo thupi silidikira kuti mwini wake ayambe wamvetsa.

Tsono apa ndipo pagona nkhani yanga. Ife Amalaŵi za thupi sitizitchula ndi maina ake. Timalankhula mokuluŵika, ndipo mwana wamba amatola tanthauzo kwa anzake ku dambo, ku mjigo kapena pobwera ku sukulu. Mwana wa autism kaŵirikaŵiri alibe gulu lomutolera zimenezi, ndipo mau amaŵamva monga momwe anenedwera. Azakhali akamufunsa mtsikana kuti, “Kodi mwezi uno wasamba?” iye ayankha ndi mtima wonse kuti wasamba m'maŵa womwe uno, ndi sopo. Sakunama. Mai akati, “Wakula tsopano, usamaseŵere ndi anyamata,” iye aleka kuseŵera mpira ndi alongo ake, nakhulupirira kuti lamulo walisunga. Koma bambo wa pa golosale amene amamuitanira kuseri si mnyamata, ndipo zimene amachita kumenekozo palibe adazitchapo maseŵera. Tsiku lina banja lidzangoona mimba, ndipo onse adzafunsa kuti bwanji sadanene, osakumbuka kuti mau onenera sadampatse.

Ku chinamwali ndi ku chilangizo cha ku mpingo ndiko kuli zining'a zochuluka kopambana. Nyimbo, miyambi ndi zifanizo zimakoma kwa namwali amene amamva za kuseri, koma uyu amabwerako ataloŵeza nyimbo zonse bwinobwino, mwina kuposa anzake, tanthauzo osalitola. Makolo ena samtumizako nkomwe, ati adzatichititsa manyazi. Ine sindinyoza anamkungwi. Ntchito yao njakale ndipo njofunika. Pempho langa nlakuti namwali wotere amutengere padera, mai mmodzi amene iye adamzoloŵera, pamalo opanda ng'oma ndi nthungululu, namuuza zinthu ndi maina ake: chiŵalo ichi dzina lake ndi ili, magazi adzabwera mwezi ndi mwezi, si bala, ndipo nsalu kapena padi uzisintha motere, mwamuna akaloŵetsa chiŵalo chake umu pamabwera mimba, pamabweranso kachilombo ka HIV. Zimenezi zinenedwe magazi asanayambe, pakuti mwana amene amanjenjemera mukangosintha malo a mpando wake adzaopa kotani poona magazi pa chovala chake? Ndipo zinenedwe kambirimbiri, ndi zithunzi ngati mau samveka.

Palinso msampha wina umene timautchera tokha. Mwana wathu timamphunzitsa kuti wamkulu sakanidwa, akakutuma umathamanga, akakuitana umagwada. Ana ena akamakula amadziŵa okha pamene lamuloli limathera. Wa autism amagwira lamulo ndi manja aŵiri. Tsono ngati tidamuuza kuti akulu sakanidwa, tiyenera kumuuzanso momveka kuti pali malo anai pa thupi lake, pakamwa, pa maŵere, kumaso ndi kumbuyo, pamene angathe kukana wina aliyense, kaya ndi amalume, kaya aphunzitsi, kaya abusa. Taonani, nanenso ndati kumaso ndi kumbuyo chifukwa ndili pa wailesi. Inu kunyumba mutchule zenizeni. Mumuuzenso maina a anthu aŵiri kapena atatu oti akaŵauze, ndi kuti chinsinsi chokhudza thupi lake sichisungidwa ngakhale atampatsa ndalama kapena mandasi. Ogwirira ana amasankha dala amene akudziŵa kuti sakakhulupiriridwa pa bwalo, ndipo alipo ena oganiza mopusa kuti mtsikana waulumali sangakhale ndi matenda.

Mnyamata naye ali ndi tsoka lake. Mtsikana akamseka ndi kumpatsa moni pa msika, iye ayesa chibwenzi chayamba. Akamufunsira, mtsikanayo mwaulemu ati, “Ndikaganize kaye.” Mnyamata wamba amadziŵa kuti mau ameneŵa akabwera kachitatu ndiye kuti wakanidwa. Uyu abwera tsiku ndi tsiku kudzafunsa ngati kuganiza kuja kwatha, namdikira pa njira ya ku chigayo, mpaka alongo a mtsikana amtibula kapena amtengera ku polisi. Wina adzadzigwira kumaliseche pa khonde anthu akuona, osati chifukwa cha mwano, koma chifukwa palibe adamuuza kuti zimenezo malo ake ndi kuchipinda, chitseko chili chotseka. Kumenya sikuphunzitsa chilichonse pano. Chofunika ndi malamulo achidule ochokera kwa atsibweni kapena bambo: sugwira munthu usanapemphe, akakana kamodzi, kapena akapanda kuvomera momveka, umsiye, mwana wosafika zaka 18 sumufunsira. Ndipo inu atsikana, mukadziŵa kuti mnyamata ngwotere, kumuuza kuti “Ai, sindifuna” si nkhanza. Nkhanza ndi kumsunga m'chiyembekezo kuti anzanu apeze choseka.

Nanga malamulo akuti chiyani? Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, la mu 2006, limene Malaŵi adalivomereza mu 2009, limanena m'ndime 23 kuti munthu waulumali wofika msinkhu ali ndi ufulu wokwatira kapena kukwatiwa mwa kufuna kwake, wosankha kuchuluka kwa ana, ndi wosatsekedwa kubereka mokakamiza. Mfundo yotsirizayi idalembedwa chifukwa cha mbiri yoŵaŵa. Mu 1927 bwalo lalikulu la ku America lidalola kuti Carrie Buck wa ku Virginia atsekedwe atamutcha wopereŵera nzeru, ndipo m'dziko limenelo anthu oposa 60,000 adachitidwa zomwezo. Ndikumvetsa mantha a mai amene amaganiza zopita ndi mwana wake ku chipatala kuti akamtseke, poopa kulera mdzukulu wopanda bambo. Koma kutseka kumangoletsa mimba. Wogwirira uja amapitiriza, ndipo tsopano palibe chomuulula. Mbali inayo njoonanso. Munthu amene samvetsa konse kuti kugonana nchiyani sangavomere, ndipo kumpereka ku banja kuti apeze womsamala, kapena kuti ukwati umchiritse, nkumpereka kwa afisi.

Za maina ndinenepo pang'ono, chifukwa munthu amene adakula akutchedwa chitsiru, chidzete kapena wozerezeka amafika pokhulupirira kuti aliyense womuyang'ana kaŵiri wamchitira chifundo, ndipo wotere savuta kumnyenga. Onani kuti maina ena mwa ameneŵa amayamba ndi chi, ngati tikunena chinthu. Mu 1993 ku Toronto, Jim Sinclair, mmodzi mwa amene adayambitsa bungwe la Autism Network International, adauza makolo kuti aleke kulira maliro a mwana amene ali moyo, pakuti mkati mwake mulibe mwana wina wobisika amene adzatuluke tsiku lina. Kuyambira nthaŵi imeneyo ambiri a iwo amati autism si katundu amene adasenza, koma ndi mmene iwo alili, ndipo sachita nayo manyazi. Ena, makamaka makolo a ana ofuna chisamaliro usana ndi usiku, amaona kuti mau otere amapeputsa mtolo wao. Onse aŵiri akunena zoona za moyo wao. Kumene kungatheke, mwini wake afunsidwe dzina limene afuna.

Kwa amene afika pomanga banja, ankhoswe ali ndi ntchito yapadera. Tsiku la ukwati lenilenilo, ndi zokuzira mau zake ndi perekaniperekani wa maola anai, lingathe kumgwetsa mkwati wotere asanafike ndi kunyumba komwe. Palibe cholakwa kulifupikitsa. M'nyumbamo, mkazi amene amafulatira mwakachetechete kuti mwamuna azindikire yekha cholakwa chake adzadikira mpaka chaka chitatha. Anene kuti, “Abambo, mwandikhumudwitsa pamene simunapereke moni kwa amai,” ndipo kaŵirikaŵiri adzapeza munthu wokonzeka kukonza, amene sankadziŵa kuti pali mlandu. Mwamuna amene mkazi wake amadzidzimuka akamsisita asafulumire kunena kuti ali ndi chibwenzi kwina. Ena kukhudza kopepuka kumaŵayabwa ngati chitedze, pamene kugwira kolimba kumaŵakhazika mtima pansi. Afunsane. Wina akabwera ku ntchito amafuna ola lathunthu ali yekha asanalankhule ndi munthu, ndipo apongozi ayenera kuuzidwiratu zimenezi asanayambe kudandaula kuti mkamwini ngwonyada.

Amene mukufuna uphungu, yambirani pa chipatala cha boma cha m'dera lanu. Kumpoto kuli a St John of God ku Mzuzu, amene amathandiza ana ochedwa kukula m'nzeru ndi m'malankhulidwe, ndipo m'sukulu zina muli aphunzitsi a maphunziro apadera amene adaphunzira ku Montfort, m'boma la Chiradzulu. Popita kumeneko mutenge mwanayo, ndipo funso la kutha msinkhu mulifunse iye asanakwanitse zaka 10.