Ambuye, Bambo kapena Abusa? Funsani Kaye

Ife a Malawi okhala ku Deira, komanso anzathu obwera kudzapikula katundu ku Naif, tikafuna kupemphera timaoloka Dubai Creek kupita ku Oud Metha. Kumeneko kuli tchalitchi cha Katolika cha St Mary's, chomwe chidatsegulidwa mu 1967 pa malo omwe adapereka Sheikh Rashid bin Saeed Al Maktoum, ndipo pafupi pomwepo pali Holy Trinity ya Angilikani. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri a ife tayamba kuitana aliyense wovala kolala kuti "pasitala".

Kwathu sitidaleredwe choncho. Mkatolika amati Bambo kwa wansembe, Bambo Mfumu kwa woyang'anira parishi, ndipo episkopi ndi Ambuye. Monga timanenera kuti Ambuye Thomas Luke Msusa a ku Blantyre, kunonso tiziti Ambuye Paolo Martinelli, omwe akhala akutsogolera Akatolika a dziko lino kuchokera mu 2022, ali ku Abu Dhabi. Ku CCAP kulibe episkopi. Kuli abusa, akulu a mpingo ndi atumiki, ndipo ngakhale mlembi wamkulu wa sinodi ya Nkhoma amakhalabe abusa. Mukawatchula kuti Ambuye mwawaveka mkanjo wa eni.

Anzathu a ku Kerala, omwe adzaza m'mashopu muno, sasokoneza. Wansembe wawo amamutcha Achen, ndipo Akhristu a ku Egypt amati Abouna. Mwana wawo wobadwira ku Dubai amadziwa zimenezi. Nanga wathu alekerenji?

Alipo ena amene amati mayina aulemuwa ndi kudzikuza, n'kutchula Mateyu 23. Ndimawamvetsa. Koma dzina limene mpingo wapereka munthu atamuphunzitsa zaka, kumuyesa ndi kumudzoza, limaonetsa ntchito yomwe wasenza komanso akuluakulu omwe angamudzudzule akalakwa. Amene amandidetsa nkhawa ndi wodzipatsa yekha udindo: watsika ndege dzulo, lero ndi Mneneri, mawa Mtumwi, akuitanira atsikana ogwira ntchito m'nyumba za eni kuti abweretse chakhumi kuchipinda cha hotela. Woteroyo mufunseni modzichepetsa kuti adadzozedwa ndi mpingo uti.

Mukakumana ndi mtumiki wa Mulungu wachilendo, funsani a mumpingo wake mmene amamuitanira, ndipo inunso muitaneni chomwecho. Ana anu aphunzitseni zomwezo asadabwerere kumudzi.