Tulo ta Kapuchi

Ku Ludzi, m'boma la Mchinji, alimi amakolola chimanga m'miyezi ya Meyi ndi Juni. Akatha kukolola, m'minda mumatsala mapesi okhaokha. Munthu wodutsa m'munda wotere m'mwezi wozizira wa Julayi angaganize kuti mulibe chamoyo chilichonse. Koma atati azule mapesi angapo ndi kuŵang'amba pakati, m'phesi lina angapezemo mbozi yoyera ili phee pafupi ndi tsinde. Mbozi imeneyi ndiye kapuchi, mdani wamkulu wa chimanga ndi mapira. Sikuti wafa ayi, koma wagona.

Kapuchi ndi mwana wa gulugufe wotuŵa amene amauluka usiku. Gulugufe wamkazi amaikira mazira pamalo pamene tsamba lakuta phesi. Pakapita sabata imodzi kapena kupitirirapo pang'ono, mazirawo amaswa timbozi. Timbozito timakwera kunsonga ndi kudya masamba anthete, ndipo tikakula timaboola phesi ndi kuloŵa m'kati. Chimanga chotere chimapinimbira, mwinanso kufa kumene. Mbozi ikakhwima imauma khungu nikhala ngati yakufa kwa masabata aŵiri kapena atatu. Pambuyo pake khungu lija limang'ambika, ndipo mumatuluka gulugufe.

Koma mbozi zimene zimakula chimanga chitayamba kuuma sizisanduka msanga. Zikanatero, ana awo akanaswedwa m'chilimwe ndi kufa ndi njala. Choncho mbozizo zimaleka kudya, nizigona m'phesi kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Nthaŵi yonseyi zimadalira mafuta a m'thupi mwawo, ndipo zimaonda pang'onopang'ono. Kumaiko ozizira, monga ku Ulaya, tizilombo timagona chotere pothaŵa chisanu. Ku Malaŵi kapuchi amagona pothaŵa chilala. Mvula yoyamba ikanyoŵetsa mapesi, iye amadzuka, nasanduka gulugufe pa nthaŵi imene chimanga chatsopano chikumera.

Kodi chimene chimalamula zonsezi nchiyani? Ndi ubongo. Ubongo wa mbozi ngwochepa kuposa njere ya maŵere, komabe ndiwo umene umauza tiziŵalo tina kuti titulutse mankhwala oyenda m'magazi. Mankhwala ena amachititsa mbozi kusanduka, pamene ena amailetsa. Pa nthaŵi ya tulo, mankhwala oletsa aja ndiwo amachuluka. Katswiri wa ku Poland, Stefan Kopeć, anafalitsa zimene anapeza pa nkhaniyi m'chaka cha 1922. Iye anachotsa ubongo m'mitu ya mbozi za mtundu wina. Mbozizo zinakhalabe ndi moyo kwa masiku ambiri, koma sizinathe kusanduka.

Gulugufe akatuluka m'phesi amayenera kupeza mnzake mumdima. Iye alibe mphuno, koma amanunkhiza ndi tinyanga tiŵiri ta pamutu pake. Pa tinyangato pali ticheya tambirimbiri timene timagwira fungo ndi kutumiza uthenga ku ubongo. Wamkazi amatulutsa fungo limene munthu sangalimve, ndipo wamwamuna akalimva amauluka molimbana ndi mphepo mpaka kumupeza. Woyamba kudziŵa mankhwala a fungo lotere anali Adolf Butenandt wa ku Germany, m'chaka cha 1959. Anagwira ntchitoyi zaka pafupifupi 20, ndipo anasonkhanitsa fungolo kuchokera kwa agulugufe aakazi pafupifupi 500,000 a mtundu umene mbozi zake zimapota silika. Lero fungo lotere limapangidwa m'mafakitale ndi kuikidwa m'misampha. Misamphayo imakola agulugufe aamuna, ndipo poŵaŵerenga alangizi a zaulimi amadziŵa ngati mbozi zatsala pang'ono kubuka.

Fungo ndi limenenso limatsogolera gulugufe wamkazi kumunda wa chimanga. Podziŵa zimenezi, akatswiri a ku icipe, malo ofufuzira za tizilombo amene anakhazikitsidwa ku Nairobi m'chaka cha 1970, anapeza njira yomupusitsira. M'zaka za m'ma 1990, Zeyaur Khan ndi anzake anabzala chomera chamtundu wa nyemba chotchedwa Desmodium pakati pa mizere ya chimanga, ndipo m'mphepete mwa munda anabzalamo nsenjere. Fungo la Desmodium limapirikitsa gulugufe, pamene la nsenjere limamukopa. Motero iye amakaikira mazira pa nsenjere. Timbozi tikaboola nsenjerezo, mumatuluka utomoni umene umatimata, ndipo tambiri timafera pomwepo. Chomera cha Desmodium chimachepetsanso kaufiti m'munda.

Mlimi wodziŵa kumene kapuchi amagona angathe kumugonjetsa mvula isanagwe. Mapesi osiyidwa chilili kapena ounjikidwa pamthunzi ndiwo nyumba yabwino ya mbozi. Koma akagwetsedwa ndi kuyalidwa pansi, dzuŵa la mu Okutobala limaŵatentha, ndipo mbozi zambiri zimafa. Ena amadyetsa mapesiwo ng'ombe, ena amaŵaduladula ndi kupangira manyowa. Ntchito imeneyi imapindula kwambiri ngati mudzi wonse uchitira limodzi, chifukwa gulugufe wotuluka m'munda wa munthu mmodzi sadziŵa malire a minda.

Mafunso

1. Kodi kapuchi amapezeka kuti m'nyengo ya chilimwe?
2. Nchifukwa chiyani mbozi zina sizisanduka msanga kukhala agulugufe?
3. Kodi chimadzutsa kapuchi ku tulo take nchiyani?
4. Kodi Stefan Kopeć anapeza chiyani atachotsa ubongo wa mbozi?
5. Fotokozani mmene gulugufe amanunkhizira.
6. Kodi nsenjere zimathandiza bwanji m'munda wa chimanga?
7. Tchulani njira zitatu zosamalira mapesi kuti kapuchi asachuluke.