Mbale ya Wes Montgomery, Woimba Gitala ndi Chala Chachikulu

Inu amene mumakonda kumva gitala pa wailesi kapena pa galamafoni, tamvani za Bambo Wes Montgomery, munthu wakuda wa mu mzinda wa Indianapolis ku Amereka, amene anabadwa mu 1923.

Bamboyu sanapite ku sukulu ya nyimbo ai. Usana anali kugwira ntchito yowotcherera zitsulo, usiku naimba m'nyumba za zakumwa kuti adyetse banja lake lalikulu. Pophunzira gitala kunyumba usiku, anaopa kusokosera anansi ake. Chifukwa chake anasiya kachidutswa kamene ena amakhwatchira nako nsambo, nayamba kuimba ndi chala chachikulu. Liwu la gitala yake linatuluka lofewa ndi lokoma.

Mu 1959 woimba wina wotchuka, Cannonball Adderley, anamumva akuimba ku Indianapolis, nakauza Orrin Keepnews wa kampani ya mbale ya Riverside. Mu January 1960 Bambo Montgomery anajambulitsa ku New York mbale ya nyimbo za jazz yotchedwa The Incredible Jazz Guitar of Wes Montgomery. Anamthandiza Tommy Flanagan pa piyano, Percy Heath pa besi, ndi mng'ono wake Albert Heath pa ng'oma.

Akatswiri olemba za nyimbo m'manyuzipepala anazizwa nayo. Chimene chinawadabwitsa kwambiri ndi luso lake loimba nsambo ziwiri pamodzi, ina ya liwu lalikulu ina ya liwu laling'ono, mofulumira koma osaphonya. Chaka chomwecho magazini ya DownBeat inamutcha nyenyezi yatsopano ya gitala.

Koma kuyamika kwa akatswiri sikudzaza nkhokwe. Pambuyo pake iye anayamba kujambulitsa nyimbo zosavuta zimene anthu ambiri anakonda, monga mbale ya A Day in the Life ya mu 1967. Mbalezi zinagulidwa kwambiri, koma akatswiri ena anadandaula kuti wataya luso lake chifukwa cha ndalama. Iye anamwalira mu June 1968 ndi matenda a mtima, ali ndi zaka 45.

Mbale ya mu 1960 ija sinaiwalike. Mu 2017 nyumba yaikulu ya mabuku ya Boma la Amereka, Library of Congress, inaiika pakati pa mbale zoyenera kusungidwira mibadwo ya m'tsogolo. Anyamata amene mukuphunzira gitala kumudzi, mukapeza mwai mverani mbaleyi, ndipo mukumbukire kuti liwu lokomalo linayamba ndi kulemekeza tulo ta anansi.